Mwana wadya chiyani dzulo?

Makolo anzanga a kwa Dzoole, mlangizi wa zaumoyo akafika pakhomo n'kufunsa zimene mwana anadya dzulo, yankho lathu limatuluka mothamanga: nsima ya nkhwani. Iye amalemba n'kupitirira. Pomwe mwana uja anatafuna nzimbe panjira, anakukuta mtedza kumunda, madzulo anagenda mango. Zonsezi m'buku mulibe. Nanga nsimayo, ana anayi atazungulira mbale imodzi, ndani anawerenga mbamu za wamng'ono uja wochedwa kutema?

Vutoli silili kwathu kokha. Akatswiri ali ndi njira yomwetsa munthu madzi apadera, kenako n'kumayeza mkodzo wake kwa masiku angapo kuti adziwe mphamvu zimene thupi lagwiritsa ntchito. Atayerekeza zotsatira zake ndi zonena za ana, anapeza kuti achinyamata ambiri amatchula zochepa kuposa zimene adya, makamaka onenepa. Mu 2010 Tracy Burrows ndi anzake a ku Australia anasanthula kafukufuku wotere. Anaona kuti kwa ana a zaka 4 mpaka 11, yankho limayandikira choonadi makolo akamathandiza kukumbukira, ndiponso akafunsidwa za masiku osachepera atatu.

Kuno kwathu kuli zina zimene zimapotoza lilime. Mayi wina amachita manyazi kunena kuti ana anagonera mbatata, ndiye amatchula nyama imene sinaphikidwe. Wina amabisa zimene adya poganiza kuti dzina lilowa m'kaundula wa chithandizo. Onse awiriwa ndimawamvetsa, chifukwa umphawi umawawa. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: tikabisa, wachipatala alangiza za mwana wa m'buku, wathu weniweni n'kumanyentchera. Kafukufuku wa dziko lonse la Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Chiwerengero chotere sichifuna mayankho okometsera.

Nzeru yothandiza inayesedwa m'midzi ya Malawi mommuno. Akatswiri Rosalind Gibson ndi Elaine Ferguson, m'zaka za m'ma 1990, ankachenjezeratu banja, n'kupempha kuti wofunsidwayo adyere m'mbale yakeyake tsiku limenelo, ndipo azichonga pa zithunzi chilichonse chimene wadya. M'mawa mwake kukumbukira kunkaphweka. Mbale yapadera ya mwana si kudzikonda ayi. Ndi maso a kholo.

Inu alangizi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani pamphasa, yambirani pamene mwana anadzuka, funsani za kusukulu ndi za kudimba, tchulani magulu asanu ndi limodzi a zakudya limodzilimodzi. Mtsikana wosinkhuka musamufunse pagulu la anzake. Ndipo ife makolo, m'mera mpoyamba: popita kusikelo mwezi uno, tinyamule buku la mwana, tikanene zimene zinalowadi m'kamwa mwake, kaya n'zochepa motani.