Wofunsira ntchito naye apatsidwe mpata woyankha

Mu 2021, kampani ya Condé Nast ku America idasankha mtolankhani wa zaka 27, Alexi McCammond, kuti akhale mkonzi wamkulu wa magazini ya Teen Vogue. Asanayambe n'komwe ntchito, anthu adafukula zomwe adalemba pa Twitter mu 2011 ali ndi zaka 17, zonyoza anthu a ku Asia. Adali atapepesa kale mu 2019, koma anzake a pamagaziniyo adanyansidwa nazo, ndipo ntchito idathera pomwepo.

Zomwe adalembazo zidali zoipa ndithu. Komabe iye adadziwa chomwe chidamudyera ntchito. Amene amandimvetsa chisoni ndi wachinyamata wa kuno kwathu amene watula makalata ofunsira ntchito m'maofesi ambirimbiri, mapepala ali bwinobwino, koma foni yake siilira. Sadziwa kuti bwana wina adalemba dzina lake pa Facebook, n'kuona chithunzi chakale ali ndi botolo m'manja, kapena mawu otukwana omwe adaponya pamkangano wa ndale nthawi ya kampeni, basi kalata yake n'kuikidwa pambali.

Munthu amene ali kale pantchito lamulo limamuteteza. Gawo 57 la Employment Act ya 2000 limafuna kuti pomuchotsa pakhale chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe lake apatsidwe mpata wodziteteza. Akaona kuti sizidayende mwachilungamo atha kupita ku Industrial Relations Court. Wofunsira ntchito amagamulidwa iye kulibe, ndipo palibe amene amamuuza kuti mlandu udalipo.

Kodi bwanayo watsimikiza bwanji kuti tsamba akuonalo ndi la munthuyo? A Banda ndi a Phiri pa Facebook ndi osawerengeka, ambiri mayina oyamba ofanananso. Palinso masamba abodza otsegulidwa ndi chibwenzi chakale chokwiya, ndi mauthenga a pa WhatsApp ojambulidwa modula mutu ndi mchira.

Achinyamata, bwererani m'mbuyo pamasamba anu, mufufute zomwe simungakonde kuti apongozi aziwerenge. Koma pempho langa lalikulu likupita kwa inu olemba ntchito. Ngati mwaona china chokukayikitsani koma munthuyo mapepala ake akukwanira, muitaneni ku intavyu, mumuonetse foniyo, mumufunse kuti: "Kodi ndinu mudalemba izi? Mudali ndi zaka zingati?"