Mbawa za kudambo tisadule, ndimveni kaye

Nkhani yogulitsa mbawa zikuluzikulu za kudambo kuti tikonzetse mjigo yafika kwa amfumu. Ena akuti tidule, tidzabzala zina. Ine ndikukana. Mjigowo ndimamwako nanenso, koma imvani chifukwa changa.

Mdzukulu wanga wa ku sekondale anandiwerengera zinthu zimene zandisowetsa tulo. Tsamba lobiriwira lija, looneka labwinobwino, mkati mwake mumakhala tizamoyo ting'onoting'ono ta mtundu wa bowa ndi chuku. Sitioneka ndi maso, ndipo mtengo sudwala nato. Ku Panama, akatswiri anayesa pa mbande za koko, mtengo umene amapangira chokoleti. Mbande zokhala ndi tizamoyoti zitagwidwa ndi matenda owoletsa masamba, zinataya masamba ochepa kuposa zopanda. Komanso tsamba likamaphuka limakhala lilibe tizamoyoti. Timachokera ku mitengo ina ndi zinyalala za pansi, timabwera ndi mphepo ndi mvula.

Ndiye mwaona? Mtengo wakale ndi nkhokwe. Mbande ya m'chubu imafuna akuluakulu pafupi, ngati mwana. Tikadula yonse n'kutentha masamba ake, mbandezo zidzakula pa mtetete, zokhazokha.

Izi sizachilendo kwa ife. Amayi athu ankazula bowa pansi pa misuku ndi mitengo ya mombo. Chiwotchereni makala phiri lija, ndani wadyapo bowa wa kumeneko? Bowa uja amakhalira limodzi ndi mizu ya mitengoyo. Mitengo itapita, ndiwo nazo zinapita. Bulugamu amene tinabzala sanatibwezere.

Taonaninso mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu. Kafukufuku wa 2017 anapeza ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha m'phiri lonse lija. Akubzala ina, inde, koma zimene zinkakhala m'masamba a mitengo yakaleyo ndani adzazibweze? Ku Ecuador, ophunzira anapeza m'zomera za m'nkhalango kachuku kodya pulasitiki. Mbawa zathuzi sitinaziyang'anepo n'komwe mkati, ndiye tizigulitse pa mtengo wa matabwa?

Ndikudziwa, madzi ndi lero. Azimayi akudzuka m'bandakucha kukatunga kumtsinje, ndipo mkazi wanga ndi mmodzi mwa iwo. Sindikuti azivutikabe ayi. Ndikuti tisonkhe. Ine ndapereka thumba limodzi la chimanga ndi tambala. Inu a ku Lilongwe, Blantyre ndi ku Joni, musangoika chala cha "like" apa, tumizani kanthu kwa msungichuma wa komiti ya mjigo.

Ndalama ya matabwa idzatha mwezi umodzi, mjigo udzawonongekanso, ndipo kudambo kudzakhala zitsa zokha. Achimwene amene mwapangana kale ndi ocheka matabwa, sindikudana nanu, koma Loweruka kubwalo ndidzayankhula zomwezi pamaso panu. Bwerani nonse, ndi agogo omwe amene akudziwa zaka za mitengo imeneyi.