Mpeni wopinda ukalimba, yambani mwautsuka

Ndimakonza njinga pa Kapiri, m'dera la mfumu yaikulu Dambe kuno ku Mchinji. Mvula ikamakata, anthu samangobwera ndi machubu obooka. Wina amapisa m'thumba n'kutulutsa mpeni wopinda: "Amisiri, tauonani uwu, wakana kutseguka." Ambiri amakhala ataulemba kale m'madzi, akuganiza zogula wina tsiku la msika. Zimandipweteka, chifukwa mipeni yambiri imene anthu amataya kuno sinafe. Yangoda.

Taganizani kumene mpeni wa mlimi umayenda. Wadula luzi pomanga chigafa, wagwiridwa ndi manja a utomoni wa fodya, wasenda nzimbe, kenako wagona m'thumba momwe muli mchenga ndi makoko a mtedza. Madzi a nzimbe akalowa popindikira penipenipo amauma n'kumata, fumbi n'kukakamira pomwepo. Chinyezi cha dzinja chimamalizitsa ndi dzimbiri.

Mpeni wanga ndi Okapi amene anandisiyira malemu bambo anga. Mipeni imeneyi inayamba kupangidwa ku Solingen, m'dziko la Germany, mu 1902, ndipo mu 1988 ntchitoyo inasamukira ku South Africa. Chitsulo chake chimanoleka bwino pamwala koma sichichedwa kuchita dzimbiri. Kumsana kuli sipuling'i yokhala ndi kamphete. Potsegula, mpeni umalira kuti ke-ke-ke mpaka utakhoma. Kulirako kukazilala, dziwani kuti m'kati mwadzaza litsiro.

Chimene ndimakangana nacho ndi anthu ndi mafuta ophikira. Munthu aona mpeni walimba, athamangira kukhitchini, athira. Tsiku limenelo umafewadi. Pakapita milungu, mafutawo amasanduka ulimbo, ndipo mpeni umalimba kuposa kale. Girizi wa njinga naye amasonkhanitsa mchenga, womwe umapera chitsulo pang'onopang'ono. Oyilo wakuda wa m'injini ndiye ayi ndithu, pakuti mpeni womwewo mawa usendera mwana mango.

Yambani ndi madzi ofunda, sopo ndi mswachi wakale. Tsukani popindikirapo ndi m'kamsewu momwe mpeni umagona, mukutsegula ndi kutseka, mpaka madzi asiye kutuluka akuda. Musauviike nthawi yaitali, chifukwa chogwirira chamtengo chikamwa madzi chimafufuma n'kupana chitsulo. Uyanikeni padzuwa wotsegula mpaka uume gwa. Ngati dzimbiri lazika, dontho la palafini limalimasula, koma muutsukenso bwinobwino. Phulusa pakansanza konyowa limayeretsa kunja. Pomaliza penipeni ndiye mafuta: dontho limodzi kapena awiri a mafuta a makina osokera, amene telala aliyense ali nawo. Tsegulani, tsekani, kambirimbiri, mukupukuta zakuda zotuluka.

Nyundo muisiye patali. Ndalandirapo mipeni imene eni ake anaimenya msomali wa pakati poyesa kuufewetsa. Kumenyako kumathinitsa, ndipo msomali ukaphwanyika mutu subwereranso. Nyundo ndi ya mpeni wogwedera, ndipo pamenepo mumagogoda pang'ono kamodzi n'kuyesa. Mipeni ina yatsopano imene imabwera ndi ochita malonda a ku Chipata ili ndi sikuluu pakati. Imeneyo mumangopotoza pang'ono kwambiri.

Ena amati bola wolimba, sutseguka wokha m'thumba. Sindivomereza. Mwana wa mlongo wanga anadzitema chala chachikulu pokoka mpeni wokakamira. Anaika mphamvu zonse, mpeni unachita kuthawa, magazi ali chuu pa mulu wa fodya. Anakhala milungu iwiri osasoka fodya, nthawi imene banja limafuna dzanja lililonse. Chimene chimagwira mpeni kuti usatseguke kapena kutsekeka wokha ndi sipuling'i, osati litsiro.

N'chifukwa chake pali mpeni umodzi wokha umene ndimakana kukonza: wothyoka sipuling'i. Umenewo ndimachotsa chitsulo chake, mwini wake akachikhomere pa kamtengo, chikhale chosendera mbatata kunyumba.