Chifalansa si tikiti ya ndege

Mwana wa sekondale akanena kuti wasankha Chifalansa, makolo a kuno ku Chimbiya ali ndi funso lawo lokhalokha: "Ndiye udzadya chimenecho?" Ndiye pali ena, ophunzira bwino eti, amene amayankha kuti mwanayo adzagwira ntchito ku embase kapena adzakwera ndege ya ku Paris. Ine ndikukana zonse ziwiri. Wofunsayo akunyoza chinthu chimene sanachifufuze, woyankhayo akunamiza mwana. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ntchito ya chilankhulo chimenechi ili pafupi kuposa Paris.

Tiyambe ndi Dzaleka, ku Dowa. Msasa wa othawa kwawowu unatsegulidwa mu 1994, ndipo lero muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda. Pakhomo amayankhula Chiswahili, Kirundi kapena Kinyarwanda, koma mapepala ambiri amene anathawa nawo, a sukulu, a ukwati, a kuchipatala, ali m'Chifalansa. Mapepala amenewo akafika pamaso pa namwino, loya kapena wapolisi wa kuno, amawerenga ndani? Mlandu wa munthu ungathe kupotoka chifukwa cha liwu limodzi lomasuliridwa molakwika.

Asilikali athu akhala akupita kum'mawa kwa DRC pansi pa United Nations kuyambira 2013. Madalaivala a mathiraki opita ku Lubumbashi amakaima pa chipata cha Kasumbalesa, kumene kalata ya katundu imafunsidwa m'Chifalansa. COMESA, imene likulu lake lili ku Lusaka, ndi SADC ya ku Gaborone, zonse zimagwiritsa ntchito Chifalansa ngati chimodzi mwa zilankhulo zake, ndipo Malawi ndi membala wa mabungwe onse awiri. Mpando ukatuluka kumeneko, Mmalawi wa Chingerezi chokha amapikisana ndi mnzake wa ku Mauritius kapena Rwanda amene ali nazo ziwiri.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri chili m'boma lathu lomwe lino la Dedza. Ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Mua mu 1902, ndipo zochitika za tsiku ndi tsiku ankazilemba m'mabuku awo m'Chifalansa: mafumu, matenda, mikangano yawo ndi gule wamkulu. Imeneyo ndi mbiri ya agogo athu. Timadikira munthu wakunja aiwerenge, aimasulire m'Chingerezi, kenako atigulitse buku. Ku Mua komweko kuli Kungoni, imene bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa mu 1976. Kuno kumtunda, m'mapiri amene timawaona tikamagulitsa mbatatesi m'mbali mwa M1, muli zojambula za pamiyala za Chongoni, malo 127 amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Mlendo wa ku Lyon akabwera kudzaona, mwana wa m'mudzi momwemo amangonyamula madzi, ndalama ya kulongosola n'kupita kwa wina.

Za Chitaliyana, tiuzane zoona: khomo lake ndi laling'ono. Lilipo ndithu. Ku Balaka ansembe a Montfort ochokera ku Italy anasiya Montfort Media ndi Andiamo. Pulogalamu ya DREAM yothandiza odwala Edzi ndi ya gulu la Sant'Egidio la ku Rome, gulu lomwe lija linakhala mkhalapakati mpaka mtendere wa Mozambique unasainidwa pa 4 October 1992, abale athu amene anadzaza Dedza n'kuyamba kubwerera kwawo. Ansembe ndi masisitere opita kukaphunzira ku Rome amachifuna. FAO, WFP ndi IFAD malikulu awo ali mumzinda womwewo, koma kumeneko amayamba afunsa digiri yako ya zaulimi kapena zachuma, Chitaliyana chimangokuthandiza kugula buledi ndi kukwera basi. Amene akuuza mwana kuti Chitaliyana pachokha chidzamudyetsa, akumupusitsa.

Apa ndiye pagona nkhani. Chilankhulo ndi mpini, luso ndiye khasu. Mpini wokha sulima, komanso khasu lopanda mpini umalima nalo chogwada. Namwino wodziwa Chifalansa, wa zamalamulo wodziwa Chifalansa, kalaliki wa katundu wa pachipata, wofufuza mbiri, makaniko amene angathe kuwerenga buku la makina ochokera ku Italy: amenewa ndi amene sasowa pogwira. Ku yunivesite ku Zomba ndi ku Mzuzu Chifalansa chimaphunzitsidwa, koma ana ambiri amalowa m'kalasimo akudziwa njira imodzi basi, ya uphunzitsi, chifukwa palibe anawauza zina.

Wina ati, bwanji osaphunzira Chipwitikizi, poti Angonia ili apa? Ndikuvomera, ndipo n'zamanyazi kuti ife a m'malire timachidziwira pamsika pokha. Koma zitatuzi ndi za mimba imodzi, zonse zinachokera ku Chilatini. Wogwira chimodzi savutika kugwira chinzake.

Ndiye inu aphunzitsi amene mumalangiza ana a Fomu 2 posankha maphunziro, lekani kuchitaya Chifalansa ngati chotsalira cha amene alephera sayansi. Inunso makolo, funso lanu lija lisintheni. Mufunseni mwanayo kuti Chifalansacho adzachiphatikiza ndi ntchito yanji, ndipo musamusiye mpaka atakuyankhani.