Levy tilipila tsiku lililonse, nanga poolokela ana athu pali kuti?

Amai ndi atate a ku Soweto, City Market, Matero, Chilenje, Mtendere, Chawama ndi misika yonse: Lelo za mtengo wa unga tiziike pambali. Ndifuna tikambe za mseu umene upita kutsogolo kwa sitandi yanu, umene mwana wanu aoloka m'mawa popita kusukulu, masana pobwela kudzatenga kiyi ya nyumba, madzulo mukamutuma kukasintha ndalama.

Ine ndinakulila pa sitandi ya tomato ya amai anga. Ndili giledi 6, mnzanga wina amene tinali kusewela naye anatumidwa kutsidya kwa mseu kukafuna chenji. Anatulukila kuseli kwa minibasi imene inaima kukweza anthu, motoka ina inabwela ili pa liwilo, basi. Anapulumuka, koma mpaka lelo ayenda motsimphina, ndipo sukulu inathela pomwepo. Amai ake anatseka sitandi miyezi itatu, mpamba wonse unapita ku mabasi a kuchipatala ndi mankhwala. Chimene sindiiwala ndi mau a anthu tsiku lija: "Nanga amake anali kuti?" Amake anali pa sitandi, kusakila mwana yemweyo chakudya. Palibe amene anafunsa kuti pamalo podzaza anthu chotelo panalibe hampu chifukwa chiyani.

Mpaka lelo nyimbo ndi yomweyo. Mwana akagundidwa, a boma abwela pa wailesi ati makolo phunzitsani ana kuyang'ana kumanja ndi kumanzele. Kuphunzitsa tiphunzitsa. Koma mwana ndi mwana. Ndi wamfupi, akaima kuseli kwa minibasi dalaivala samuona, nayenso saona mseu. Mwana wa zaka 6 kapena 7 sakwanitsa kuyeza bwino kuti motoka ija ifika liti pamene waima. Akaona anzake aoloka, athamangila. Ana onse padziko lapansi ali chotelo. Mzinda wanzelu umakonza mseu podziwa kuti tsiku lina mwana adzalakwitsa, kuti kulakwitsako kusakhale maliro.

Nkhani yonse ili pa liwilo. Motoka imene ithamanga makilomita 50 pa ola iyenda pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi chabe. Dalaivala asanaponde n'komwe buleki, wapita kale masitandi angapo. Pa 30, sekondi yomweyo ndi mamita 8, ndipo buleki igwila msanga. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, likamba kuti munthu woyenda pansi akagundidwa pa 65 m'malo mwa 50, ngozi yakuti afe ikwela kupitilila kanayi. Bungwe lomwelo likamba kuti ngozi za pamseu ndizo zili patsogolo kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 padziko lonse. Ngati unali matenda, bwenzi tikuona ma tenti ndi nduna pa TV tsiku lililonse, monga tionela kolela ikabuka.

Lamulo lakuti motoka isapitilile 30 pafupi ndi masukulu lilipo kale m'dziko lino. Manje ndikufunseni: pa sukulu ya mwana wanu chikwangwani cha 30 munachionapo? Hampu ilipo? Zebra crossing ioneka, kapena penti inafufutika chaka chatha? Lamulo lili mu kabati ku ofesi silingaimitse Hiace imene ithamangila cashing ya bwana.

Asatiuze ati ndalama kulibe. Wa motoka alipila road tax, alipila pa toll gate ku Katuba, ku Shimabala, ku Chongwe, ndipo pa lita iliyonse ya mafuta pali msonkho. Imwe mulipila levy ku khonsolo, mugulitse musagulitse. Boma lino linyadila tsiku lililonse kuti linakweza CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2024 inapitilila K30 miliyoni pa constituency iliyonse. Chabwino, ndiye tionetseni. Pa ndalama zonsezo, mahampu angati amangidwa pa geti ya sukulu? Tinjila tingati twa oyenda pansi twakonzedwa ku Kanyama kapena ku Garden, kumene mvula ikagwa mwana asankha pakati pa matope ndi tala?

Maphunzilo aulele anayamba mu 2022, ana ambili analowa sukulu, ndipo palibe amene akana kuti n'chinthu chabwino. Koma ana amenewo sapita ndi motoka. Ayenda pansi, ena m'mawa kukali mdima, ena a masana abwelela dzuwa litalowa. Amene anatsegula geti ya sukulu anayenela kuganizilanso njila yofikila pa geti. Onjezani load shedding: malaiti akapita ma robot azima, mseu uda bii, ndipo pamphambano wamphamvu ndiye apita. Mwana wa yunifomu aimilila pakati pa mseu kudikila chifundo cha dalaivala.

Boma lakale nalonso tisalisiye. Linamanga ma flyover ku Makeni, Arcades, Longacres ndi Munali kuti motoka ziziyenda msanga. Ndi okongola, inde. Koma mzinda uno anthu ambili alibe motoka. Ma footbridge amene alipo pa Great East Road ndi Kafue Road ndi owelengeka, ndipo amene anawajambula sanasenzepo dishi ya sabola pamutu mwana ali kumbuyo. Wa Zamcab akwela bwanji masitepe aja ndi matumba a makala? Agogo a ndodo akwela bwanji? Ndiye anthu aoloka pansi, pamseu umene unakulitsidwa kuti motoka zithamange, ndipo akagundidwa mlandu ni wao.

Ndidziwa zimene adzayankha: ati ndimwe a malonda amene mwatseka njila za oyenda pansi. Tikambe chilungamo, pali malo ena pamene katundu wafika mpaka pa tala, mwana akakamizika kuyenda mu mseu. Zimenezo tikonze tokha, chifukwa mwana amene agundidwe angakhale wa sitandi ya pafupi ndi imwe. Koma munthu sagulitsa m'mbali mwa Lumumba Road chifukwa chokonda utsi wa malole. Agulitsa pamenepo ndaba mkati malo ndi ochepa ndipo kasitomala apita panja. Kuthamangitsa anthu ndi kuwalanda katundu sikunamangepo hampu ngakhale imodzi. A khonsolo akhale pansi ndi makomiti a misika, ajambule mzele: apa malonda, apa oyenda pansi, apa mabasi.

Zimene tifuna si za mabiliyoni. Pa geti ya sukulu iliyonse ndi msika uliwonse pakhale poolokela pokwezeka, pamene motoka ikakamizika kuchepetsa liwilo ifune isafune. Pakhale kanjila ka oyenda pansi kokhala ndi malile, kuti minibasi isakwelepo. Mabasi aime patali ndi poolokela, kuti asabise mwana. Pakhale malaiti a sola pamenepo, ndi munthu wooloketsa ana nthawi yolowa ndi yotuluka. A RTSA ndi apolisi a traffic aime pa sukulu 06:30 m'mawa, pamene ana ali pamseu.

CDF iyambila ku Ward Development Committee. Komiti ya msika wanu ikumane ndi PTA ya sukulu ya pafupi, mulembe malo eni eni amene ana aolokela, musaine nonse, mupeleke ku WDC, kope ina kwa a khansala, ina kwa a MP. Sungani kope yanu yodindidwa ndi deti. Mukaona dalaivala achita za misala pa sukulu, lembani nambala ya motoka muimbe 983 ku RTSA. Ngozi ikachitika, mwana athamangitsidwe kuchipatala poyamba, koma wina alembe nambala, ndipo nkhani ifike ku polisi. Motoka iliyonse pamseu iyenela kukhala ndi inshuwalansi ya third party, ndipo popanda lipoti ya polisi kupeza chipukutamisozi kubvuta. Musalole kumalizila nkhani pa mseu ndi ka K200 m'manja. Kuvulala kwa m'mutu kungaonekele mawa, dalaivala atapita kale. Kamwana kosafika zaka 10 musakatume kokha kutsidya kwa mseu waukulu, olo kasitomala adikile.

Nthawi ya kampeni onse adzabwela pa msika ndi vitenge, nafenso a chipani chino tidzabwela. Aliyense amene aime kutsogolo kwa sitandi yanu, mugwileni dzanja mupite naye pamene mwana wanu aolokela. Aoloke yekha pa 17:00, motoka zili mbwee. Akafika kutsidya, akuuzeni mwezi umene hampu idzamangidwa, ndipo mulembe mu buku lija mulembamo ankhongole.

Mlembi wa Achinyamata