Mchere si ndiwo

Gemu ya Skyrim, yomwe kampani ya Bethesda idatulutsa mu 2011, ndidaidzaza ndi ma mod, zigamba zomwe osewera amapanga okha pofuna kusintha gemu. Ndidaika ngakhale chigamba chija chosandutsa zinjoka zouluka kukhala sitima ya Thomas the Tank Engine. Mapeto ake zigambazo zidayamba kulimbana, gemu n'kumangozima, ndipo madzulo anga ankathera pokonza, osati posewera.

Ndidachotsa zonse n'kuyambiranso. Apa m'pamene ndidayamba kutsatira nkhani yomwe alembi ake adakonza. Sindikunena kuti ma mod ndi oipa ayi. Koma monga sitiweruza buku pongowerenga ndemanga za ena, gemu nayonso tiyambe taidziwa mmene eni ake adaipangira. Mchere umakometsa ndiwo, koma paokha sitidyera nsima.