Peugeot 504 kapena Benz: musathamangire kugulitsa ku sikirapu

Kuseri kwa magalaji a ku Petauke ndi ku Nyimba kukadali motoka zakale zogona pa njerwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Ogula sikirapu amazifuna pa kilo. Okonda motoka zakale amazifuna zathunthu, ndipo amakangana pa ziwiri zazitali kumbuyo: Peugeot 504 ndi Mercedes-Benz W123.

Benz yaitaliyi, yomwe inayamba kupangidwa mu 1978, ndi bwana ndithu. Ya 300TD ili ndi injini ya dizilo ya masilinda 5, yosafa msanga. Koma kumbuyo kwake imadzikweza ndi mafuta a haidiroliki. Paipi ikaphulika pa Kacholola, makanika wa pansi pa mtengo angokuyang'anani. Sipeya mukaifune ku Lusaka, mwinanso ku Johannesburg.

Ife tili kumbali ya Peugeot. Inatuluka mu 1968, inapambana Safari Rally ku Kenya mu 1975, ndipo ku Nigeria anaipangabe mpaka 2006. Ya Familiale ili ndi mizere itatu ya mipando, ngakhale madalaivala akale ankapanikizamo anthu oposa muyeso, nthochi za ku Nyimba zili padenga. Mabampu a msewu wafumbi imangowameza. Ikafa panjira, sipanala ziwiri ndi kawaya, basi yadzuka. Chimaipha ndi dzimbiri.

Inu muli m'minibasimu, ngati kumudzi kuli imodzi, imbirani amalume lero. Aiphimbe mvula isanabwere, asachotse magalasi kukaika pa khola, ndipo white book aisunge bwino, poti motoka yopanda mapepala a RTSA wogula amaidula mtengo mmene afunira.